Banja lopanda ankhoswe

Tsitsi ndinalukitsa koyamba ndili ndi zaka 27, m'kasaluni ka mayi wina wa ku Congo ku Rosettenville. Atandikhazika pampando anandifunsa kuti ndikufuna andiluke bwanji, ine kukamwa yasa. Chiyambire ndili ndi zaka 12 mutu wanga unkangodziwa lezala. Lachisanu lililonse madzulo akazi tonse apakhomo tinkakhala pamphasa kuseri kwa nyumba n'kumametana mpala kuti Sabata litipeze oyera. Tsiku limenelo ndinangoloza chithunzi chimene chinali pafupi, ndinalipira R150, ndipo usiku wake sindinagone. Mutu unkakoka ndithu, koma chimene chinandichotsa tulo ndi kudikira chilango.

Pamenepo n'kuti patatha chaka chathunthu nditachoka mumpingo umene ndinakuliramo. Dzina lake sinditchula, mayi anga ndi mwana wanga mmodzi akadali momwemo. Amene mumakhala kuno ku Joni mumaona anthu ovala zoyera Loweruka kapena Lamlungu pa phiri la ku Yeoville, ku Melville Koppies, ngakhale m'matchire a m'mbali mwa misewu ikuluikulu. Mipingo yake ndi yambirimbiri ndipo si yonse imachita zimene ndikufuna kunenazi. Ndikunena za wathu.

Anthu akamva nkhani yanga amafunsa funso limodzi: nanga bwanji sunathawe msanga? Kale ndinkapsa nalo mtima. Pano ndimangowafunsa kuti iwo banja likawavuta amakadandaula kwa ndani. Amatchula ankhoswe, amalume, abusa, mfumu, ena apolisi. Ndiye ndimati, onsewo achotsenimo, mutsale ndi mwamunayo ndi mnzake amene amalota maloto.

Kwathu ndi ku Phalombe, ndipo bambo anga anali mkamwini. Munda unali wa mayi, nyumba ili pamudzi wa agogo akuchikazi, ana tili a mbumba ya amalume. Bambo ankamwa kachasu, ndipo akaledzera ankadandaula kuti pakhomo pano iwo ndi tambala chabe. Njala ya 2002 inatipeza choncho. Tinadya gaga, tinadya zitsa za nthochi, ndipo mng'ono wanga wotsiriza sanafike pokolola. Chaka chotsatira kunabwera amuna a ndevu, a mitu yometa, atagwira ndodo zazitali. Anauza bambo kuti mwana uja anadyedwa ndi abale a mayi, kuti mwamuna ndi mutu wa banja, ndipo mutu sukhala pamudzi wa mkazi.

Ndinene zoona, poyamba zinaoneka ngati mwayi. Bambo anasiya mowa sabata yomweyo. Kumsasa kumene tinasamukira, chakufupi ndi malire a Mozambique, kunali chimanga, anthu ankagawana, kunalibe woledzera kapena wotukwana. Ndipo kuimba kwake! Anthu mazana awiri pabwalo usiku, opanda ng'oma, opanda gitala, mawu okhaokha. Mpaka lero ndikamva nyimbo zoterozo kuchokera paphiri ndili mutekisi, mtima umachita kuti psuu, pakamwa pamayamba kutsatira pokha. Bambo anapatsidwa ndodo ndi mkanjo, anthu anayamba kuwapatsa moni atawerama. Munthu amene zaka zonse ankangotumidwa kukafolera nkhokwe ya apongozi anapeza malo oti akayankhula ena akhale chete. Ndimawamvetsa, ngakhale sindinawakhululukire.

Amalume anabwera kawiri kudzatitenga. Ulendo wachiwiri anawaimitsa pachipata n'kuwauza kuti achibale a thupi ndi akunja, achibale enieni ndi a mumzimu. Ndinawaona akubwerera akukankha njinga yawo. Sukulu ndinalekera Sitandade 6, ngakhale inali yaulere kuyambira 1994. Anati mtsikana wodziwa kuwerenga Baibulo waphunzira zokwanira.

Mu 2006, usiku wina wa mapemphero, mneneri anayamba kunjenjemera n'kumayankhula malilime, womasulira ali pambali. Anati Mzimu wamuonetsa nkhunda yoyera ikutera padenga la mkulu wina wa mpingo. Kenako ndodo inaloza ine. Mkuluyo anali mmisiri wa ndowa ndi mbaula, wamkulu kuposa bambo anga, ndipo anali kale ndi akazi atatu. Amayi onse anayamba nthungululu. Ndinayang'ana mayi anga, iwo akuyang'ana pansi.

Panalibe chinkhoswe. Palibe anasinthana nkhuku, palibe wakuchikazi anaima n'kunena kuti mwana wathu ndi uyu, mukatopa naye mudzatibwezere ali wamoyo. Ku mpingo kwathu ankati ukwati womangidwa ndi Mzimu susowa mboni za thupi. Nthawi imeneyo ndinkaona ngati angodumpha mwambo. Ndazindikira mochedwa kuti pamenepo ndi pamene anatsekera khomo. Ndinali ndi zaka 15, ndipo ngakhale malamulo aakulu a dziko nthawi imeneyo ankalola mwana wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomera. Bambo anali atavomera.

Amene anandisambitsa ndi kundiperekeza anali mkazi wamkulu wa pakhomopo, amene tonse tinkawatchula kuti amayi aakulu. Anandilowetsa m'chipinda, anandiuza kuti "Mwanawe, usatichititse manyazi," n'kutseka chitseko iwo ali kunja. Za usikuwo ndilekera pomwepo. Ndinali mwana, ndipo onse amene anali pakhomopo ankadziwa kuti ndine mwana.

Moyo wa pakhomo unali wa ndondomeko. Abambo, poti ndi mmene tinkawatchulira amuna athuwo, ankagona masiku awiriawiri nyumba iliyonse. Iwo ankakhoma ndowa pansi pa mtengo wa mango, ife n'kumazisenza kukagulitsa m'misika, madzulo ndalama yonse pamphasa, kuwerenga pamaso pa onse. Ikaperewera, amene waperewetsayo ankagwada. Kumenya analikutcha kulanga, ndipo ukalangidwa unkayenera kuthokoza. Mavesi ake tinkawadziwa pamtima: Yesaya 4 vesi 1, ya akazi asanu ndi awiri ogwira mwamuna mmodzi, 1 Akorinto 14, yoti akazi akhale chete mumpingo. Koma imene ankaikonda kwambiri ndi ya Hagara pa Genesis 16, pamene anathawa nkhanza za Sarai, mngelo n'kumuuza kuti abwerere akadzichepetse. Mkazi aliyense wobwezedwa pothawa ankawerengeredwa imeneyo atagwada pakati pa bwalo. Vesi ya pa 1 Timoteo 3, yoti woyang'anira mpingo akhale mwamuna wa mkazi mmodzi, ndinadzaipeza ndekha kuno ku Joni. Zaka khumi ndi zinayi m'mapemphero sindinaimvepo ikuwerengedwa.

Ukafuna kudandaula unkapita kwa amayi aakulu, iwo n'kukauza abambo. Ukapitirira unkafika kwa akulu a mpingo, amene anali abambo omwewo ndi anzawo, aliyense ali ndi akazi ake amene sakufuna kuti aphunzire kudandaula. Pamwamba pa onse panali mneneri, amene analota ukwatiwo. Wokulakwira, woweruza ndi pakamwa pa Mulungu onse ankadyera mbale imodzi.

Chipatala chinali choletsedwa. Tinkaberekera m'kachisakasa kuseri kwa msasa, azamba ake amayi a mumpingo. Matenda akatalika ankati mkaziyo anayenda ndi mwamuna wina, ndipo mwana satuluka mpaka atchule dzina. Pa mwana wanga woyamba, mu 2008, ndinakhala masiku awiri. Atandipanikiza ndinatchula mnyamata wina wogulitsa makala amene sindinayankhulanepo naye n'kamodzi komwe, kungoti andisiye. Mwana atabadwa onse anati mwaona, Mzimu sunama. Mnzanga wina amene tinalowa limodzi m'mabanja anatuluka m'kachisakasamo mwana atafa, iye mkodzo ukungotuluka wokha. Anamupatula, ankadya yekha, ankati ndi chizindikiro cha chigololo. Lero ndikudziwa kuti ndi fisitula, imabwera mutu wa mwana ukakhalitsa panjira, makamaka kwa mtsikana amene chiuno sichinakhwime, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe amasoka anthu n'kuchira.

Mwana wanga wachiwiri anali wamwamuna, anabadwa 2009. Mu 2010 chikuku chinavuta dziko lonse, azaumoyo ankayenda mudzi ndi mudzi ndi katemera. Ife tikamva kuti akubwera, usiku womwewo akazi ndi ana tinkaoloka kupita mbali ya Mozambique, n'kukabisala kwa a mpingo anzathu. Tinakhalako sabata ziwiri m'nyumba imodzi, ana oposa makumi awiri. Chikuku chinalowa momwemo. Wanga anayamba ndi maso ofiira, kenako totupa kuyambira kuseri kwa makutu, kenako chifuwa chinkalira ngati mluzu. Anandipatsa madzi opemphereredwa m'botolo la Sobo kuti ndizimumwetsa ndi kumuwaza. Ndinamwetsa. Ndinawaza. Chipatala chinali mtunda woti munthu wobereka mwana kumsana akhoza kuyenda asanatuluke thukuta lambiri, ndipo ndinkachidziwa pamene chili. Sindinapite. Palibe anandimanga miyendo. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndikangoponda pakhonde la chipatala, ndiye kuti ndamupha ndine.

Anamuika m'bandakucha. Kulira kunali koletsedwa, ankati ndi kutsutsana ndi Mulungu. Amayi aakulu anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zawo zinandilowa, ndipo nditawayang'ana ndinaona kuti nawonso akudziluma mlomo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti iwo anaika atatu.

Mungaganize kuti apa ndiye ndinatseguka maso. Ayi. Ndinasala kudya masiku atatu kupepesa tchimo limene linaphetsa mwana wanga, ndinakhalanso zaka zina zisanu ndi ziwiri, ndinaberekanso mwana wamwamuna mu 2012.

Ku Joni anandibweretsa okha abambo, mu 2015. Ndowa za pulasitiki zinali zitapha msika wa malata, ndipo amuna ambiri a mpingo anayamba kubwera kuno kudzagwira maganyu ndi kuoda katundu. Mwa akazi asanu, poti n'kuti atawonjezera wina, anasankha ine chifukwa ndinkatha kuwerengera ndalama. Ana anatsala ndi amayi aakulu. Tinadutsa Mwanza, Zobue, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, masiku awiri m'basi ine nditavala duku loyera, mpaka Park Station. Pasipoti yanga ndinaigwira pa mawindo a m'malire pokha. Tikangodinditsa ankailanda, ndipo titafika inalowa m'sutikesi yokhoma ndi loko pansi pa bedi.

Tinkachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Rosettenville, mpanda umodzi mabanja asanu ndi limodzi, mpopi umodzi. N'kuti patangopita miyezi yochepa chichitikire zipolowe za mu April 2015, zimene zinayambira ku Durban n'kufika mpaka ku Jeppestown, boma la Malawi mpaka kutumiza mabasi kudzatenga anthu. Abambo sanafunikenso kulota. Ankangoti, kunjaku amawotcha makwerekwere, ndipo apolisi akakupeza masiku atatha akakutaya ku Lindela, kumene amatsekera alendo oti abwezedwe kwawo. Zonsezo zinali zoona ndithu. Masiku 30 amene anandidindira pa Beitbridge anatha ndisanadziwe ndi njira yopita kumsika. Ndinapeza ganyu yochapa ndi kusita kawiri pa sabata, ndalama ndinkapereka yonse nditagwada, monga kumudzi.

Chipinda choyandikana nafe munkakhala mayi wina wa ku Mangochi, Msilamu, wogulitsa mandasi ndi usipa wochokera kumudzi. Ndinaletsedwa kucheza naye, koma makoma a zipinda zimenezi ndi opyapyala, ndipo pampopi simungapewane. Tsiku lina m'mawa anandipeza ndikutsuka mapoto mlomo uli wotupa.

"Achemwali, dzulo ndinamva."

"Ndinagwa."

"Eya, nanenso ndinagwapo." Anatsegula mpopi kwambiri kuti madzi aziphokosera. "Inetu ndine wachiwiri, musaone ngati sindikudziwa mitala. Koma tsiku limene anandigwetsa amuna anga, ndinaimbira achimwene anga ku Mayfair. Anabwera ndi ankhoswe, anakhala pakhomo pompa mpaka madzulo. Chiyambire sanayerekezenso. Nanga inu ankhoswe anu ndi ndani?"

Ndinati ndi Mzimu Woyera. Sindinkaseka, ndi mmene tinaphunzitsidwira kuyankha. Mayi uja anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Chabwino. Nanga nambala ya amalume anu muli nayo?"

Ndinalibe. Anaipeza ndi iyeyo, patatha miyezi itatu, kudzera mwa dalaivala wina wonyamula katundu amene ankadziwa munthu wa ku Migowi. Ndinawaimbira pa foni yake, ndili m'bafa. Zaka khumi ndi zitatu tisanamvane, amalume anangoti, "Uli moyo?" Kenako anakhala chete, ndipo ndinamva akumina.

Kuchoka kwenikweniko kunalibe zodabwitsa. Madamu amene ndinkawachapira anandiwonjezera R20 patsiku, ine osanena kunyumba. Ndinkaipinda n'kuikwirira pansi pa thumba la ufa, poti ndi malo okhawo amene mwamuna wa mumpingo mwathu sangapisemo dzanja. Mu July 2017 abambo anapita kumudzi ku msonkhano waukulu wa pachaka, n'kusiya mkulu wina kuti azindizonda. Loweruka onse atakwera phiri ndinati ndili kumwezi, ndipo wotero saloledwa pabwalo. Lamulo lawo lomwe linandipatsa maola asanu. Loko wa sutikesi ndinamudula pa zogwirira zake ndi sizasi ya abambo yodulira malata. Ndinatenga pasipoti yanga yokha, ndalama zawo zimene zinali momwemo sindinakhudze, ndipo mpaka lero ndimadzifunsa chifukwa chake, poti theka lake linali thukuta langa. M'thumba la ufa munatuluka R1,140. Mayi a ku Mangochi anandibwereka siketi ndi juzi, anandikweza tekisi ya ku tauni, pa Bree anandikwezanso ya ku Randburg kumene mphwake ankadziwa nyumba yofuna wantchito wogonera konko.

Anthu amafuna ndizinena kuti ndinamva kumasuka. Chimene ndinamva ndi mantha. Mneneri ankanena kuti wotuluka amapenga kapena kutupa mimba isanathe miyezi itatu, ndipo ankatchula mayina a amene zinawachitikira. Ndinkadula masiku pa kalendala ya ku butchala imene inali m'kachipinda kanga. M'mawa uliwonse ndinkadzigwira pamimba. Ndikaiwala pamene ndaika makiyi ndinkati misala ija yayamba. Dzino limene linathyoka ku Rosettenville litayamba kuwawa, madamu anandipatsa Panado, ndipo ndinakhala naye m'manja mpaka anayamba kusungunuka ndi thukuta. Nditameza ndinakhala pabedi kudikira. Dzino linaleka kuwawa. Ndinalira usiku wonse, poti ndinakumbuka botolo la Sobo lija.

Miyezi itatu inakwana ndili bwinobwino. Kumsasa bambo anga anali atalengeza kale kuti mwana wawo anamwalira, ndipo mayi anga akamva mawu anga pafoni amadula. Loweruka linkanditalikira. Kunalibe wondiuza chochita, ndipo sindinkadziwa kuti munthu amafuna chiyani akakhala yekha. Kangapo konse ndinafika pa siteji ya tekisi ndi maganizo obwerera, kukagwada, andiwerengere za Hagara zithe.

Mu 2022 ndikusita pabalaza, madamu ankaonera pa Netflix nkhani ya mpingo wina wa ku America wotchedwa FLDS. Ndinkangomvera ndi khutu limodzi mpaka pamene anaonetsa akazi atandandalika, madiresi ofanana ofika m'mapazi, tsitsi lopesedwa mofanana, onse akumwetulira kumwetulira kumene ndimakudziwa. Ndinazimitsa simbi. Pambuyo pake ndinafufuza pa foni. Anthu amenewa anapatuka ku mpingo wa Mormon, umene unasiya mitala mu 1890, ndipo anakhazikika m'matauni awiri oyandikana, Hildale ku Utah ndi Colorado City ku Arizona. Ankaphunzitsa kuti mwamuna amafunika akazi osachepera atatu kuti akafike kumwamba kwapamwamba. Mneneri wawo, Warren Jeffs, analowa m'malo mwa bambo ake mu 2002, ndipo ndi iye yekha amene ankanena kuti uyu akwatiwa ndi uyu. Mwamuna akamulakwira ankamuthamangitsa, akazi ndi ana ake n'kuwagawira amuna ena ngati mbuzi. Anyamata ambiri ankapirikitsidwa pa zifukwa zazing'ono, ndipo masamu ake ndi osavuta: kuti mdala mmodzi akhale ndi akazi makumi, anyamata ena ayenera kuchoka. Mu April 2008 boma la Texas linalowa pa famu yawo pafupi ndi Eldorado n'kutenga ana oposa 400, makhoti n'kulamula kuti abwezedwe. Jeffs anamangidwa moyo wonse ndi zaka 20 pamwamba mu 2011, chifukwa chogwirira ana awiri, wa zaka 12 ndi wa zaka 15, amene ankawatcha akazi ake. Ndipo alipo amene akumutchabe mneneri ali m'ndende momwemo.

Akazi a kumeneko ankauzidwa mawu awiri, keep sweet, kutanthauza kuti uzioneka wokoma nthawi zonse, usaonetse kuwawidwa. Ife tinkauzidwa kuti mkazi wa Mzimu sakwinya nkhope. Madamu anapukusa mutu n'kunena kuti sakumvetsa mmene mkazi wanzeru zake angalolere zoterezi. Ine ndinayatsanso simbi. Azungu aja anali ndi magalimoto, magetsi, nyumba zosanja, ndipo foni ya apolisi inali manambala atatu okha. Koma m'matauni awo aja ngakhale apolisi anali a mpingo womwewo. Mmodzi mwa akaziwo, Carolyn Jessop, anathawa usiku mu 2003 ndi ana ake onse asanu ndi atatu. Pamenepo ndi pamene ndinamuchitira nsanje.

Nkhani imeneyi ndikaiyamba pa chipereganyu chathu cha Amalawi ku Cosmo City, sipalephera bambo wina wonena kuti mitala ndi chikhalidwe chathu, azungu asatiphunzitse, ngakhale a Zuma anali ndi akazi angapo ali pulezidenti. Zoona, ndipo lamulo la kuno la 1998 limavomereza maukwati a mitala a chikhalidwe. Kwathunso lamulo la maukwati la 2015 linaletsa mitala pa ukwati wa kwa DC pokha. Ine mitala sindiikonda, ndaona mmene imadyera akazi m'kati ngati nankafumbwe, koma mkangano umenewo ndi wa tsiku lina. Agogo anga anali pa mitala. Ankakhala pamudzi pawo, munda uli wawo, alongo awo ali khomo loyandikana. Agogo aamuna atayamba kuvuta, anapeza mphasa ndi khasu lawo zili panja, nkhani inathera pomwepo. Chimene ndinakhalamo ine asachitche chikhalidwe. Chikhalidwecho ndi chimene anayamba kuchotsa, tsiku lija anabweza amalume pachipata.

Ndasiya dala nkhani ya ana, poti ndi imene imandivuta kulemba. Ndinawasiya. Wamkazi anali ndi zaka 9, wamwamuna 5. Anauzidwa kuti mayi awo anatengedwa ndi ziwanda za ku Joni.

Mu July 2021 kunamveka nkhani ya ku Zimbabwe, ya mtsikana Anna Machaya, wosakwana zaka 16, amene anamwalira pobereka pa malo opempherera a mpingo wina ku Marange. Inayenda kwambiri pa WhatsApp. Mwana wanga n'kuti ali ndi zaka 13. Ndinkagona ndi foni m'manja osadziwa woti ndimuimbire. Patatha mwezi ndi theka, usiku, nambala yachilendo ya ku Malawi inaflasha kawiri. Nditaimba ndinamva mawu onong'ona amene ndikanawazindikira ngakhale m'manda.

"Mwanawe, usayankhule, ungomva. Ayamba kulota za mwana wako. Msonkhano ndi mwezi wamawa."

"Amayi..."

"Ndati usayankhule. Uwauze amalume ako." Foni inaduka.

Anali amayi aakulu. Omwe aja ananditsekera chitseko. Nambala yanga anaipeza bwanji, foni anabwereka kwa ndani, anaika chiyani pachiswe, sanandiuzepo. Ndakhala ndikuwatembenuza mumtima mwanga zaka zonsezi ndipo sakwana mbali imodzi. Nawonso analowa pakhomo paja ali ndi zaka 14.

Nthawi ino amalume sanapite okha ndi njinga. Zinthu zinali zitasintha: kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko salolanso ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, makolo avomere asavomere, ndipo mbiri ya Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuimitsa mafumu ovomereza zimenezi, inali itafika kulikonse. Mafumu anayamba kuopa. Amalume anatenga a gulupu, wa zachisamaliro cha ana wa ku boma ndi wapolisi wa ku Victim Support Unit. Ine ndinatumiza ya mafuta a galimoto pa Mukuru. Pachipata anawauzanso zija za achibale a thupi. Akuti amalume, amene tsopano ndi nkhalamba yoyendera ndodo, anangoti, "Ine za mizimu sindikuzidziwa. Mwana ameneyu ndi wa mbumba yanga, ndabwera kudzatenga." A gulupu anavomereza kuti kwathu kuno mwini mbumba ndi ameneyu.

Anatuluka naye akulira, akukana, akuwatemberera. Wamwamuna anathawira m'chimanga, ndipo wa boma anati za iye palibe umboni woti ali pangozi.

Mwana wanga wamkazi ali kwa amalume, anabwerera kusukulu, m'kalasi mwake ndiye wamkulu kuposa onse. Chaka choyamba sankandiyankhula. Pano timayankhulana Lamlungu, mwaulemu, ngati anthu odziwana patali. Amanditchula kuti amayi a ku Joni. Akati amayi basi, ndiye kuti akunena aakulu aja. Duku sanavule, ndipo ndinawauza amalume kuti asamukakamize.

Amayi aakulu amaflasha mwina kamodzi pa miyezi iwiri, nthawi zonse usiku. Akutsokomola kwambiri masiku ano. Ulendo watha ndinawapempha kuti apite kuchipatala mobisa, ndidzalipira njinga yamoto, palibe adzadziwe. Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Ine zanga zinatha, mwanawe. Ndikachoka pano atsikana enawa aziwayang'ana ndani?"

Kenako anandiuza kuti mnyamata wanga watalika, wayamba kuthandiza bambo ake kukhoma mbaula, ndipo pa msonkhano wapitawu anamupatsa kandodo kake. Anati amayenda chosavala, nsapato zinamuthina kalekale, amavala sayizi 6. Ndinagula ku PEP Loweruka, zakuda, za zingwe. Tagwirizana kuti adzanena kuti agula okha ndi ndalama ya nandolo. Zili pansi pa bedi m'pepala lake, dalaivala uja anyamuka Lachinayi.